Kabokosi Kanu Ndakasiya Koyera

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni, kuopa kuti mungati mlongo wanu kuno anaiwala ulemu. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unaleka kudandaula, kapena mukunyamulabe matabwa nokha ngati mnyamata? Alamu ali bwanji, ndi ana? Nanga amayi, maondo aja akuwalola kufika kumsika? Ndikudziwa kuti ngakhale atawakaniza apita ndithu, chifukwa nkhani za kumsika sizingawadutse iwo ali moyo.

Ife kuno tili bwino. Bambo a Namafunso akuyendetsabe basi. Anawasinthira njira, moti tsopano amadutsa mumsewu wathu kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse amaliza hutala pansi pa zenera lathu. Akuti ndi moni wa kwa ine. Ndawauza kuti masana ndimakhala kuntchito, amene akulandira moniwo ndi mayi eni nyumba, ndipo atopa nawo. Koma kodi amamva?

Ine ndidakali kochapira zovala za hotela kuja. Nsalu zoyala pabedi, matawulo, nsalu za patebulo, kuyambira m'mawa mpaka manja atachita makwinya. Dzanja lija ndinapsa ndi makina ositira chaka chatha linapola bwinobwino, patsala chipsera chokha. Kapitawo wathu ndi yemwe uja, woyenda ndi cholembera pakhutu, amene amatha kupeza banga pa nsalu yoti sinagwiritsidwepo ntchito.

Mavuto a panyumba ndi aang'ono. Mpopi wa kukhitchini ukudontha, ndipo alamu anu anaukonza mpaka unayamba kudontha malo awiri. Munthu wa chipinda cha pamwamba pathu wagula lipenga, akuphunzira yekha, ndipo nyimbo imene akudziwa ndi imodzi, theka lake. Katebulo kamene munapangira Namafunso kaja kadakali nganganga, ngakhale tasamuka nako kawiri.

Tsopano ikani sowo pansi, mukhale penapake, chifukwa nkhani imene ndalembera kalatayi ndi ya mphwanu Namafunso. Musadzidzimuke, akupeza bwino. Koma miyezi yapitayi tinaona zinthu.

Mukudziwa kuti wakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Dzina loti Namafunso munamupatsa ndinu, pamene ankakutsatani m'shedi akufunsa chifukwa chake msomali uli ndi mutu. Patangopita milungu ingapo ine nditapsa, mafunso ake anasintha. Anayamba kufunsa funso limodzi lokha, loti kodi chitofu tazimitsa. Ndikamuyankha, ankakaona yekha. Akatsika masitepe ndi chikwama kumsana, ankabwerera kukagwira simbi ngati yazizira. Kenako mpopi, kenako chitseko. Chilichonse kanayi, ndipo munthu ukamulankhula ali pakati, ankayambiranso poyamba.

Poyamba ndinkanyadira, ndimvekere ndabereka mwana wosamala. Koma anayamba kuchedwa kusukulu tsiku ndi tsiku. M'makope mwake munayamba kuoneka mabowo, chifukwa ankafufuta chilembo chimodzi mpaka pepala kung'ambika. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza ataima pachitseko, dzanja pa loko, misozi ili chuchuchu, akuti akufuna kupita koma sizikutheka.

Apa ndiye mlongo wanu anaonetsa nzeru zake. Kuntchito kwathu pali pepala limene limakhala pakhoma pafupi ndi khomo. Womaliza kutuluka amachonga kuti makina akutiakuti azimitsidwa, nthunzi yatsekedwa, kenako kapitawo amasainira. Ndinati basi, mankhwala ndi amenewa. Ndinatenga rula, ndinalemba mizere yoongoka bwino, ndinamata pepala pachitseko chathu: chitofu, simbi, mpopi. Ndinamuuza kuti akaona chinthu azichonga, ndipo akachonga nkhani yatha.

Achimwene, patatha milungu iwiri pepalalo linali ndi mizere khumi ndi isanu ndi inayi. Panabwera chitseko cha firiji, zenera la kubafa, waya wa wailesi, mpaka mzere wochongera kuti mizere inayo yachongedwa. Pansi pake panali malo anga osainira. Ndipo ine ndinkasainira, m'mawa uliwonse, ndi dzina lonse, ngati munthu wanzeru zake!

Madokotala odzipereka okha sanachedwe kupezeka. Mayi eni nyumba anati vuto ndi foni, ana a masiku ano yawatha mitu. Ndinawakumbutsa kuti mwanayo alibe foni, iwo anati ndiye kuti akuifuna kwambiri. Bambo ake anati ndi sukulu, mutu watentha ngati injini pachitunda, ndipo chofunika n'kumukweza basi Loweruka kuti apitidwe mphepo. Mnzanga amene timapinda naye nsalu anati ndi shuga. Wina wa kumakina ochapira anandikokera pambali n'kunong'ona kuti pali dzanja la munthu, chifukwa mwana wokhoza bwino m'kalasi sasowa omuchitira nsanje. Apongozi anga pafoni anati tinamusasatitsa, mwana mmodzi pakhomo ndi mmene amathera.

Ine ndinali ndi yankho langa, limene sindinauze munthu. Ndinkati ndi zaka ziwiri zija ndinamusiya kwa inu ndi alamu ali ndi zaka zinayi, ine n'kubwera kuno kudzafuna ntchito. Ndinkati mwana amene mayi ake anachoka m'mawa wina osabweranso mpaka zaka ziwiri, angakhulupirire bwanji kuti chitseko chikatsekedwa chatsekedwadi? Ndinalirira matawulo a alendo ambiri ndi maganizo amenewo, mwayi wake anali opita kochapa kale.

Amene anatithandiza ndi aphunzitsi ake. M'malo momulanga, anatiitana n'kutilembera kalata yopita kuchipatala kumene kuli dokotala woona za maganizo a ana. Ndinapita mwendo uli kumbuyo, ndikuopa kuti wina wondidziwa andiona pakhomo pamenepo.

Adokotalawo ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, amene amakhalira kufunafuna cholembera chili m'tsitsi mwawo. M'chipinda mwawo muli timipando ta ana, bokosi la makrayoni, ndi duwa limene likuoneka kuti nalonso likufunika dokotala. Mpando wa akulu unali umodzi, anakhalapo alamu anu, ndiye ine ndinakhala pa kampando ka ana, maondo kufika kuchibwano. Ndili pamenepo ndinafunsa mosapsatira kuti wolakwa ndani.

Iwo anati funso limenelo amalimva kwa kholo lililonse, ndipo nthawi zambiri kholo limabwera litadziweruza kale. Anati vuto la Namafunso ndi lodziwika, ana ena ambiri ali nalo: m'mutu mumabwera ganizo loopsa limene mwana sanaliitane, ndipo kuti mtima ukhale pansi amabwereza kuchita chinthu china. Anati palibe amene angaloze chinthu chimodzi n'kunena kuti gwero lake ndi ichi. Kawirikawiri pamakumana zinthu zingapo.

Anati pali chimene munthu amabadwa nacho. Ena amabadwa ndi mtima wosachedwa kuchenjeza za ngozi, ndipo zimenezi zimatha kuyenda m'banja, ngakhale si mwana aliyense amene amatengera. Palinso zimene mwana wakumana nazo. Kupsa kwanga kuja mwina ndi kumene kunadzutsa vutoli, koma anati kudzutsa si kubzala. Ndiye pali zimene mutu umaphunzira wokha. Mantha akabwera, mwana amakaona chitofu, mtima umatsika pang'ono, ndipo mutu umati eya, chatipulumutsa ndi kukaonako. Mawa umafuna kawiri. Anati zili ngati mphaka wosokera amene wamupatsa chakudya pakhomo kuti asiye kulira: amasiyadi, koma mawa amabwera ndi anzake.

Za foni ndi shuga anangopukusa mutu. Za injini ya alamu anu anaseka, n'kunena kuti kutopa ndi kupanikizika kumatha kuwonjezera vutoli, moti kuyambira tsiku limenelo bamboyo akuuza aliyense kudepoti kuti anangotsala pang'ono kukhala dokotala. Ine ndinalimba mtima n'kutchula zaka ziwiri zija. Anandifunsa kuti mwanayo ndinamusiya ndi ndani, ankakhala bwanji. Nditawafotokozera za inu ndi alamu, za shedi ndi mafunso a misomali, anati iwo sakuona chifukwa chokolekera vutoli pamenepo. Anati ana ena amene sanasiyanepo ndi amayi awo ngakhale tsiku limodzi amakhalanso nalo. Achimwene, ndinapuma mpweya umene ndinaugwira miyezi isanu.

Kenako ndinatulutsa pepala langa la mizere lija, ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Anavala magalasi, analiwerenga mpaka pansi, n'kunena kuti sanaonepo pepala laukhondo chonchi, ndipo liyenera kuchoka pachitseko. Anati ndinalilemba ndi chikondi, koma ndi mbale ya mphaka uja. Manyazi ake! Ndikanakhala pa mpando wa akulu mwina ndikanapirira, koma pa kampando kaja ndinangoti zyoli.

Anakhalanso ndi Namafunso paokha. Potuluka, mwanayo anandiuza yekha chimene ankaopa. Ankaganiza kuti akapanda kuona zonse kanayi, ine ndipsanso kuntchito, ndipo wolakwa adzakhala iyeyo. Miyezi yonseyo mwana wanga ankachedwa kusukulu pofuna kundilondera ine.

Adokotala anamuuza kuti alipatse dzina liwu limene limamulamulalo, kuti azilisiyanitsa ndi iye mwini. Sanaganize nthawi yaitali, analitcha Kapitawo. Tsopano ntchito yathu ndi yomukaniza Kapitawo, pang'onopang'ono. Mlungu uliwonse timafufuta mzere umodzi papepala lija. Amatseka chitseko kamodzi, timatsika masitepe, timaima pakona pa sitolo ya nsapato, iye akumva mantha akukwera, mpaka atayamba kutsika okha. Akandifunsa kachiwiri za chitofu, sindiyenera kumuyankha, ndimangomuuza kuti ameneyo ndi Kapitawo ndipo ndamuyankha kale. Kunena n'kosavuta. Tsiku loyamba anandikwiyira koopsa, ine ndinakalirira m'basi, ndipo woyendetsa basiyo anali bambo ake, nawonso maso ali psuu.

Koma zikuyenda. Mizere yatsala isanu ndi iwiri. Mwezi uno wachedwa kawiri kokha, ndipo kamodzi mwa kawiriko wolakwa anali wa lipenga uja, amene anatitsekereza pamasitepe kuti timve theka lachiwiri la nyimbo yake. Wayambanso kuseka. Dzana anandiuza kuti Kapitawo wake ndi wanga akanakwatirana, ukwati wake sukanayamba, chifukwa akanakhalira kubwerera kukaona ngati atseka galimoto.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira.

Ulendo wachitatu, adokotala anatulutsa pepala lalikulu kuti tijambule banja lathu. Amuna amawajambula ngati timabokosi, akazi ngati timipira, n'kulumikiza ndi mizere. Anati aliyense amene ndikumudziwa kuti anali ndi vuto lofanana ndi limeneli, kapena nkhawa yopitirira, ndimudetse ndi pensulo. Ndinajambula malemu abambo, amayi, azakhali aja ankanyamula ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee. Azakhaliwo ndinawadetsa pang'ono, Mulungu andikhululukire. Ndiye ndinafika pa kabokosi kanu. Namafunso anali pambali panga akuyang'ana. Pensulo inaima m'mwamba. Adokotala anafunsa ngati pali chimene ndakumbukira, ine ndinati ayi, palibe.

Ndinanama, ndipo inu mukudziwa.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, inu khumi ndi ziwiri. Tinkanyamuka m'mawa nthawi yabwino, amayi atapita kale. Tikafika pa mtengo wa magetsi wachiwiri, inu munkaima, n'kundipatsa chikwama chanu kuti ndigwire, n'kuthamanga kubwerera kukagwedeza loko. Munkabwera muli wefuwefu, tinkayenda pang'ono, n'kubwereranso. Ndinkakuonani milomo ikuyenda, mukuwerenga chamumtima. Tikafika kusukulu belu linali litalira kalekale, ndipo aphunzitsi a rula aja ali pageti.

Mukukumbukira chimene ndinkawauza? Ndinkati wachedwetsa ndine, nsapato yanga inasowa. Mawa lake ndinkati ndinataya pensulo panjira. Chaka chonse ndinataya zinthu zimene sindinakhalepo nazo. Ndi aphunzitsi amenewo amene ananditcha Nkhono, dzina n'kufika kunyumba, n'kukhazikika. Mpaka lero amayi amauza anthu kuti mwana wawo wamkazi anabadwa wozengereza, ine amene ndimapinda nsalu ziwiri mnzanga asanamalize imodzi!

Tsiku lina abambo anakupezani pachitseko mukugwedeza loko, anakukalipirani kuti musiye zachibwana, mwakula. Madzulo ake ndinakupezani kuseri kwa nyumba. Munandiuza kuti mukapanda kutero mumaona ngati amayi afa, ndipo munandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa adzati mwapenga. Munandisemera kagalimoto ka thabwa kokhala ndi mawilo a zitsekerero za mabotolo. Ndinalandira chiphuphucho, ndipo pakamwa panga panatsekeka zaka makumi atatu.

Ndinkaganiza kuti zinatha ndi ubwana. Koma ulendo watha uja nditabwera kudzaona amayi, ndinakuonani mukutseka shedi. Munakoka loko, munayenda mpaka pamsewu, munabwerera. Alamu anaseka n'kunena kuti akuba akadzabwera adzapeza lokoyo atatopa kale. Tonse tinaseka, inunso munaseka. Koma ine ndinawerenga, achimwene. Kanayi.

Ine si dokotala, ndipo pepala langa la mizere lakuonetsani kale kutalika kwa nzeru zanga. Sindinganene kuti chanu ndi cha Namafunso ndi chimodzi, wodziwa ndinu. Sindikunenanso kuti anatengera kwa inu ngati mlandu. Ngati chinayenda m'magazi, ndiye chinadutsa mwa ine kuti chimufike, ndipo tonse tinachilandira kwa ena amene sanachipemphenso.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pali sukulu yogonera konko imene Namafunso wakhala akuilota kuyambira kale, yokhala ndi chipinda choyesera za sayansi. Aphunzitsi ake akuti akhoza kupeza malo. Adokotala akuti mmene akuchitiramu, pofika chaka chamawa akhoza kukwanitsa, ndipo adzapitiriza kumuona. Fomu yake iyenera kubwezedwa mwezi uno usanathe. Iye waipinda n'kuibisa m'dirowa ya katebulo kanu kaja, akuti sapita. Akuti m'chipinda chogona atsikana khumi, onse adzamuona, ndipo adzadziwa kuti ndi wosokonekera.

Lachiwiri tikuchokera kuchipatala anandifunsa funso lolemera. Anafunsa ngati anthu onga iye amakula n'kukhala anthu, kugwira ntchito, kukhala ndi banja, kuseka ndi anzawo, kapena amangothera m'nyumba. Ndinamuuza kuti adokotala anena kuti alipo ambiri. Iye anati adokotala amanena zimenezo kwa aliyense, ndipo iyeyo sanaonepo ngakhale mmodzi ndi maso ake.

Ndinkafuna kumuuza kuti wamuonapo, anamunyamulapo paphewa, anamuphunzitsa kukhoma msomali osadzipweteka chala. Ndinkafuna kumuuza kuti munthu amene iye amamutama kwa anzake kuti palibe mmisiri womuposa, amene matebulo ake sagwedera, amene akayamba nthabwala alamu amachita kugwira m'mimba, nayenso amabwerera pa loko. Koma chinsinsicho si changa, ndipo kagalimoto kaja ndinalandira.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mulembereni kalata mphwanu. Osati ine, iyeyo, dzina lake pa envelopu. Isakhale yaitali, ndikudziwa kuti inu ndi cholembera mumangogwirizana pa thabwa. Mungomuuza za mtengo wa magetsi wachiwiri uja, ndi kuti munakula. Mawu anga amawatenga ngati a mayi amene ayenera kunena zabwino, koma anu amawasunga. Ngati mungathe, ifike mwezi usanathe.

Mukaona kuti n'zolemera, sindidzakwiya, ndipo sindidzatchulanso. Mudzangomulembera moni monga mwa masiku onse, ine ndidzamva. Kalata inoyi mukhoza kuiponya m'moto wa zopalapala za m'shedi. Koma ndikuuzeninso chimodzi chimene ndinafunsa adokotala mozungulira, ngati ndikufunsira mnzanga wa kuntchito: anati akuluakulu nawonso amathandizidwa, ngakhale atakhala nacho zaka zambiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndikuganiza kuti mnzanga wa kuntchitoyo sanamukhulupirire.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka maondo aja si osungira alendo, azipaka. Moni kwa alamu, amene ndimawathokoza mpaka lero chifukwa cha zaka ziwiri zija, ndipo tsopano ndikutha kuzikumbukira popanda kulira. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene akuti wachoka mano akutsogolo, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa msuweni wathu wa makina osokera, amene malaya anga akuwamalizabe chaka chachitatu. Alamu anu akupereka moni, ndipo akuti mukadzabwera mudzakwere basi yawo, mudzakhale kutsogolo. Namafunso sakudziwa kuti ndikulemba, akanadziwa bwenzi moni wake utadzaza tsamba lonse.

Pepala la banja lija lili mufayilo ya adokotala, ndipo kabokosi kanu ndakasiya koyera. Ine sindikakhudza. Mukalola, adzakadetsa yekha Namafunso, ndipo mmene ndikumudziwira mwana ameneyu, adzakadetsa monyadira, n'kutulutsa fomu ija m'dirowa.

Ndine mlongo wanu, amene sanatayepo nsapato,

Nkhono